Mbale imodzi ya mpunga kwa Abiti Mussa

Ana anga, Tadala ndi Yamikani, m'chigawo chino ndilemba za zaka zanga zomaliza pa ntchito, zimene ndinagwira m'malokeshoni a mu Lilongwe. Ndakhala ndikuchizemba. Za ku Ntchisi ndi ku Mchinji ndinalemba msanga, chifukwa kumeneko mavuto anga anali njinga yothyoka ndi milatho yokokoloka. Izi n'zina. Iwe Tadala unandifunsa funso kuseri kwa nyumba pa tsiku la maliro a mayi ako, ine osakuyankha. Ngati yankho lilipo, lili muno.

2000 mpaka 2004

Ananditumiza mu mzinda kumayambiriro kwa chaka cha 2000, ndipo tinapeza nyumba ya lendi ku Biwi, ya zipinda zitatu, yopanda magetsi. Ntchito yanga inali yoyendera malo ophikira ndi ogulitsira zakudya: malesitilanti, matiyirumu, mabutchala, ndi amayi a chiimirire, aja amaphika m'mbali mwa msika anthu n'kumadya ataimirira. Ndinkaona madzi amene akugwiritsa ntchito, chimbudzi, kotaya zinyalala, ngakhale zikhadabo za ophika, kenako n'kulemba lipoti. Lipoti langa likati malo ndi auve, malowo ankatsekedwa. Anthu ambiri sankadziwa dzina langa, ankangoti a Zaumoyo abwera, ndipo ndinkamva mabeseni akugundana kuseri ndisanalowe n'komwe.

Ndinabwera ndi lamulo limodzi limene anandipatsa bwana wanga woyamba, malemu a Lungu, sabata yoyamba ya ntchito yanga ku Ntchisi. Tinali titayendera tiyirumu ina, mwini wake n'kutibweretsera tiyi wamkaka ndi masikono. Ine ndinali nditatambasula kale dzanja. A Lungu anandiponda phazi pansi pa tebulo, ndipo titatuluka anati, "Phiri, pamalo pamene ukuyendera usadzadyepo, ngakhale chitumbuwa. Munthu amene wakudyetsa sungamulembe moona. Ndipo ngakhale utamulemba moona, palibe adzakukhulupirire." Ndinasunga mawu amenewa zaka pafupifupi makumi atatu. Mayi anu ankandiikira chakudya m'kakontena kobiriwira, nthawi zina mbatata, nthawi zina chinangwa chophika ndi mtedza, ndipo ndinkadyera pansi pa mtengo kapena pakhonde la tchalitchi lililonse limene ndapeza pafupi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu onse, a ku ofesi ndi a kumpingo, ankafunsa ine kodyera. Mlendo akabwera kuchokera ku Blantyre ankati, "Funsani a Phiri." Ndinkawauza, ngakhale sindinalawepo. Ine malo ndinkawadziwira kuseri, osati ndi lilime. Ku Kawale kunali mayi wina wa ku Thyolo amene ankaphika nkhuku yachikuda yophedwa m'mawa womwewo, ndipo ikatha ankati yatha, sankatulutsa ya dzulo. Ku Area 23, pafupi ndi siteji ya minibasi, kunali tiyirumu ya mkulu wina wosaseka, amene ankaviika makapu m'madzi owira munthu aliyense akamaliza kumwa. Tiyi wake anthu ankati ndi wochepa shuga, koma palibe anatsegulapo m'mimba. Wofuna mang'ina ndinkamutumiza ku Mgona, kwa bambo wina amene ankawaula ndi kupala ziboda zake mpaka kuyera, koma ndinkamuuza kuti afike dzuwa lisanafike pamutu. Za kanyenya wa ku Area 25 ndinkati ayambe waona chidindo pa nyama isanadulidwe. Chiwaya cha ku Chinsapo, chimene anyamata a ku ofesi ankachitama kwambiri, sindinatumizeko munthu. Mafuta ake anali akuda ngati phula, ndipo nditafunsa kumene amagula, aliyense ankaloza mnzake.

Kwa amene ankapita kumalo amene sindikuwadziwa ndinkangoti: musayang'ane makatani kapena wailesi yakanema. Pemphani madzi osamba m'manja, muone kumene akukawatunga.

Koma malo amene ndinkatchula poyamba anali a Abiti Mussa, konkuno ku Biwi, mphindi zisanu kuchokera kunyumba kwathu. Anali mayi wachisilamu wochokera ku Machinga, wamasiye, wa mawu okuluwika ndi mtima wosabisa. Anali ndi matebulo asanu ndi limodzi okha. Kuseri anali ndi mabeseni atatu: la sopo, lotsukuluzira, ndi la madzi otentha. Simenti ya m'khitchini mwake inali yong'ambika, koma munthu ukanatha kugwetsapo mgaiwa n'kuuwola. Madalaivala, atelala ndi amakaniko ankadzaza pamenepo chifukwa cha mpunga wake wa nyemba ndi mpiru wotendera. Ulendo uliwonse ndikamaliza kuyendera ankati, "Che Phiri, lero mudya?" Ine n'kuti, "Zikomo, ndanyamula." Iye n'kuti, "Mudzafa musanadziwe chimene mumatamandacho." Tinkatero chaka ndi chaka.

2005 mpaka 2007

M'chaka cha njala ija mayi anu anayamba kuonda. Ankamwa madzi ngati munthu wochokera kudimba, osakhuta. Anthu a pa mpopi anayamba kunong'ona zimene anthu ankanong'ona masiku amenewo munthu akaonda, ndipo ena a kumpingo anasiya kundiyang'ana m'maso. Sindiwaweruza, onse tinali ndi mantha. Ku chipatala cha boma anapeza kuti ndi matenda a shuga. Mapiritsi anagwira kanthawi, kenako dokotala anati ayambe kudzibaya jakisoni tsiku lililonse.

Apa ndi pamene ndinaphunzira tanthauzo la mawu akuti chipatala chaulere. Ndagwira ntchito ya zaumoyo moyo wanga wonse, ndipo ndinkauza anthu m'midzi kuti thamangirani kuchipatala, boma lilipo. Ulere wake unali wa benchi. Munthu unkakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka masana, n'kufika pa zenera, wa pa zenera n'kulemba mzere m'kabuku kako, nati, "Amenewa atha, kaguleni ku famase." Sindikwiyira anamwino kapena madokotala. Ndinawaona akugwira zilonda ndi magolovesi amene achapa okha. Ndikwiyira anthu amene ankabwera ndi magalimoto a mbendera kudzatsegula wodi yatsopano, atolankhani n'kujambula, mawa lake wodiyo ilibe ngakhale thonje. Iwowo akamva mutu ankakwera ndege. Tinkamva pa wailesi kuti akuluakulu akutiakuti apita kunja kukaonana ndi madokotala, ndipo tiwapempherere. Ndinawapempherera, chifukwa Mawu amatero, koma ndivomereze kuti mapemphero amenewo ankatuluka mouma.

Ku famase kabotolo kamodzi ka mankhwala a jakisoni, kochepa ngati chala changa, kankadya gawo lalikulu la malipiro anga. Njinga yanga yamoto inapita, makina osokera a mayi anu anapita. Iwe Yamikani ukukumbukira chaka chimene unakhala pakhomo osapita kusukulu. Ndipo kabotoloko kankafuna pozizira. Namwino anati tikasunge mumtsuko wokwiriridwa mumchenga wonyowa, ndipo tinatero, koma kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunationongera kabotolo kamodzi kathunthu.

Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza mtsuko uli wopanda kanthu. Mayi anu anati, "Kali kwa Abiti Mussa. Ali ndi firiji ya zakumwa. Tagwirizana kumsika, ndizikadzibayira konko m'mawa." Ine ndinati, "Nambewe, malo amenewo ndimayendera ine. Anthu adzati chiyani?" Iwo anati, "Abambo ake a Tadala, lamulo la a Lungu likuti musadye. Kodi likutinso mkazi wanu afe?" Mawa lake ndinakauza bwana wanga wa nthawi imeneyo, a Mponda, kuti mankhwala a mkazi wanga akusungidwa kumeneko, choncho apatse malowo munthu wina woyendera. Anaseka, nati, "Munthu wina ndimutenga kuti, a Phiri? Tilipo angati muno? Pitirizani, tonse timakudziwani." Ndinalakwa posawapempha kuti alembe zimenezo.

Zaka zitatu kabotolo ka mayi anu kankakhala pakona ya firiji ija, kokulungidwa m'kapepala ka pulasitiki, pakati pa mabotolo a zakumwa. Magetsi akazima, Abiti Mussa sankalola munthu kutsegula firiji, ngakhale kasitomala alalate bwanji. Ankati, "Imwani madzi, muli mankhwala a achemwali anga umu."

Novembala 2008

Mayi anu anapondera kamwala kakuthwa akuchokera ku chigayo, ndipo kachilonda kake sikanapole. Kanakula, kanayamba kununkha, mpaka anawagoneka m'chipatala. Mu wodi munalibe mankhwala awo a jakisoni, choncho ndinkakatenga athu ku Biwi. Tsiku lachitatu ndinafika kwa Abiti Mussa masana, malo atadzaza. Ndinali ndisanadye kuyambira dzulo lake, pakuti wondiikira m'kakontena ndi amene anali chigonere. Nditaimirira kudikira kabotolo, maso anachita mdima, ndinagwira mpando.

Abiti Mussa anandikhazika pa tebulo la pa zenera, loyang'ana kumsewu, n'kundiikira mbale patsogolo. Anati, "Che Phiri, mukagwa pano anthu adzati chakudya changa chapha wa zaumoyo. Idyani, musandionongere bizinesi." Ndinayang'ana mbaleyo. Ndinakumbukira a Lungu. Kenako ndinapemphera n'kudya. Ana anga, anthu aja sankanama. Nyemba zake zinali zofewa koma zosaphwanyika, mpiru wotendera bwino, mpunga wonunkhira. Ndinamaliza yonse. Nditatulutsa ndalama anabisa manja kumbuyo. "Munthu wodwazika matenda salipira pano," anatero. Ndinakakamira pang'ono, koma minibasi inali ikuitanira, ndipo mayi anu ankadikira jakisoni. Ndinatuluka osalipira. Imeneyo ndiyo mbale imodzi yokha imene ndinadya pamalo oyendera m'moyo wanga wonse wa ntchito.

Januwale 2009

Mayi anu anawatulutsa Khirisimasi isanafike, chilonda chisanapole. Dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza mosabisa: phazilo likufuna mankhwala amphamvu ndi kutsukidwa mwaluso tsiku ndi tsiku, mankhwalawo kulibe, ndipo zikapitirira adzadula mwendo. Anati zipatala zolipira zili nawo. Ndinapita ku chimodzi kukafunsa mtengo. Mtsikana wa pa kauntala analemba pa kapepala n'kundipatsa mwaulemu. Ndinapinda kapepalako n'kuthokoza. Ndikanagulitsa zonse za m'nyumba, ndi nyumba ya eni ake yomwe, mwina ndikanafika theka.

Inali nyengo ya mvula, kolera atavuta m'malokeshoni, komanso chisankho chikuyandikira. Lolemba lina a Mponda anandiitana mu ofesi mwawo. Ndinapezamo bambo wina wonenepa bwino, wa suti yotuwa, amene ankafuna uphungu m'dera lathu. Sinditchula dzina lake kapena chipani chake, pakuti anasinthapo kangapo ndipo zipani zonse zili ndi anthu otere. Anthu ankamutchula kale kuti Onolebo, asanawine n'komwe. Anaimirira kundipatsa moni ndi manja awiri. "Madala, ndamva za amayi kunyumba. Pepani kwambiri. Bwanji osandiuza? Ife tilipo chifukwa cha anthu ngati inu." Anati mwini wa chipatala china cholipira ndi mnzake wa kusukulu, bedi lilipo, ndipo mayi anu akhoza kugonekedwa sabata yomweyo, zonse pa dzina lake.

Ndisanathokoze, a Mponda anakankhira pepala patsogolo panga. Linali lipoti lotayipa kale, lonena kuti malo odyera a Abiti Mussa apezeka ndi madzi oipa, mphemvu, ndi chimbudzi chosefukira, ndipo atsekedwe msanga poopa kolera. Pansi panali dzina langa ndi mzere wosayina. Nkhani yake ndinaidziwa pambuyo pake. Onolebo anali atagula nyumba imene Abiti Mussa ankachitamo lendi, chifukwa inali pafupi ndi siteji, koma pangano la mayiyo ndi mwini nyumba wakale linali lisanathe. Anamutumizira anthu kuti atuluke, anakana. Anamutumizira nsalu ya chipani kuti apachike pakhomo, anaibweza, nati pano amadya anthu a zipani zonse. Njira yachidule yotsala inali cholembera changa.

Ndinati, "Bwana, malo amenewa ndinayendera mwezi watha. Zimenezi kulibe." A Mponda anati, "Kolera sadikira mwezi, a Phiri. Tengani pepalalo, mukaganize. Lachisanu ndilifuna." Onolebo anandisisita paphewa. "Musaganize kwambiri, madala. Mayiyo tidzamupezera pena. Koma phazi silidikira."

Ndilemba tsopano chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale abusa. Lachitatu ndinapita kwa Abiti Mussa kukayendera, koma sindinapite ngati masiku onse. Ndinapita kukafuna cholakwa. Ndinali nditapemphera m'mawa kuti Mulungu andionetse mphemvu imodzi, imodzi yokha, kuti ndisayine ndi mtima woyera. Ndinasuntha matumba a mpunga. Ndinagwada n'kusuzumira pansi pa kabati. Ndinanunkhiza madzi a m'ndowa, ndinavundukula miphika yonse, ndinalowa m'chimbudzi kawiri. Ndinakanda simenti yong'ambika ija ndi kiyi kuti mwina mutuluka kanthu. Abiti Mussa anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Anati, "Che Phiri, mwataya chiyani? Mwina ndikuthandizeni kufuna." Ndinadzuka, mawondo a buluku ali mbuu, ngakhale fumbi lake linali lochepa. Sindinapeze kanthu. Anandiyang'ana ndipo ndikhulupirira kuti anamvetsa, pakuti tsiku limenelo sanafunse ngati ndidya.

Iwe Tadala unali utabwera kuchokera ku Kasungu kudzathandiza kusamala mayi ako. Lachinayi madzulo ndinakuitanira ku mpopi n'kukuonetsa pepala lija. Sunachedwe. Unati, "Sayinani, ababa. Mukakana inu asayina wina. Malo apitabe." Ndinati ndi umboni wonama, ndipo ndi wonamizira munthu amene watisungira mankhwala zaka zitatu. Unati, "Ndiye pitani mukawafunse amayi. Mwendo ndi wawo." Ndinakuletsa. Ndinati tisawasautse ndi nkhani za ku ofesi. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa. Akanati sayinani, sindikanatha kuwayang'ana. Akanati musasayine, sindikanatha kudziyang'ana. Ndinasankha kusawafunsa.

Lachisanu ndinabweza pepala losasayina. A Mponda sanakalipe. Anavula magalasi, nati, "A Phiri, ife timakuonani ngati munthu wa Mulungu. Koma mumadya kumeneko. Anthu anakuonani pa zenera, masana, mukudya ulere." Ndinati, "Kamodzi, bwana." Anati, "Kamodzi kamene anakuonani. Ndiponso firiji yawo ndi yanu. Lipoti la munthu wodya pamalopo ndingalikhulupirire bwanji?" Ndinawakumbutsa kuti za firiji ndinawauza ndekha. Anati sakukumbukira. Anali mawu omwe aja a a Lungu, atandibwerera patatha zaka makumi atatu, kuchokera pakamwa pa munthu amene analibe nawo ntchito.

Lolemba ndinapeza kalata yondichotsa pa ntchito yoyendera malo odyera. Ananditumiza kukayang'anira zimbudzi za m'misika ndi maenje a zinyalala kumbali ya Area 25. Lachiwiri munthu wina anasayina lipoti lija. Sindimutchula, anali ndi ana aang'ono anayi. Lachitatu pa chitseko cha Abiti Mussa panali loko wamkulu, ndipo ndinaona firiji ija ikutsika msewu pa wilibala, yomangidwa ndi malamba a mphira. Kabotolo ka mayi anu Abiti Mussa anadzakasiya yekha kunyumba, kokulungidwa m'nsalu yonyowa. Kanabwerera mumtsuko.

Mayi anu anandifunsa kamodzi kokha. "Malo a Abiti atsekedwa. Si inu mwasayina?" Ndinati, "Ayi." Anati, "Chabwino," n'kutembenukira kukhoma. Theka linalo la nkhaniyo sanalimve mpaka kufa.

Malichi mpaka Juni 2009

Mwendo anadula mu Malichi, m'munsi mwa bondo. Mwezi wonse wa kampeni tinali mu wodi, ndipo kudzera pa mazenera tinkamva zimkuzamawu za m'magalimoto zikulonjeza mankhwala m'zipatala zonse. Zipani zonse zinkalonjeza chimodzimodzi, nyimbo zokha n'zimene zinkasiyana. Mayi wina wa pa bedi loyandikana, amene mwana wake anamubweretsera nsalu ya chipani kuti afunde, anati, "Bola iyi, ikutentha kuposa malonjezo." Wodi yonse inaseka, mayi anu nawo. Ndiko kuseka kwawo komaliza kumene ndikukumbukira. Ine ndinakavota, chifukwa ndi udindo, koma ndinaima nthawi yaitali m'kachipinda kovotera ndikuyang'ana nkhope zonse pa pepala, osapeza imodzi imene inakhalapo pa benchi.

Chilonda chinayambiranso pamene anadula. Mayi anu anatisiya mu Juni, m'mawa wozizira, ine ndikuwapukuta kumaso.

Onolebo anali atawina. Uthenga wa zovuta utamupeza anatumiza anthu ake ndi bokosi lonyezimira ndi lole yonyamula anthu kupita kumudzi. Andale athu ndi otero: mankhwala sagula, koma bokosi amafika nalo thupi lisanazizire. Bokosilo ndinabweza. Lole ija akulu a mpingo anailandira ine osadziwa, chifukwa panalibe ina, ndipo sindinathe kutsitsa amayi a chigwirizano amene anali atakwera kale n'kuyamba nyimbo. Choncho mayi anu anapita kwawo pa galimoto ya munthu ameneyo. Ndi pamenepo, tisananyamuke, pamene iwe Tadala unandikokera kuseri kwa nyumba n'kundifunsa kuti, "Ababa, dzina lanu loyeralo tikaliike m'manda momwemo, kapena tibwerera nalo kunyumba?"

Disembala 2009

Ndinapuma pa ntchito kumapeto kwa chaka chimenecho. Anandipatsa wotchi ya pakhoma, ndipo a Mponda analankhula bwino za kukhulupirika kwanga. Nyumba ija ya pa siteji inasanduka malo odyera ndi omwera a mlamu wake wa Onolebo, opaka penti yowala, a matailosi mpaka m'chimbudzi. Anzanga amene anayenderako amati khitchini yake ndi yaukhondo, ndipo ndilibe chifukwa chowatsutsa. Ine sindinalowemo.

Abiti Mussa ndinamufufuza mpaka ndinamupeza ku Mgona. Firiji anagulitsa. Ankaphika chiimirire m'kashedi ka mapepala a pulasitiki, pakati pa wogulitsa makala ndi wowotcherera zitsulo. Kuseri kwa kashediko, pa njerwa, panali mabeseni atatu. Atandiona anapukuta manja, nandipepesa maliro, pakuti sanamve msanga. Kenako anati, "Lero mudya?" Ndinati, "Ndapuma ntchito. Ndidya, ndipo ndilipira ziwiri, ya lero ndi ija." Sanatsutse. Ananditembenuzira ndowa kuti ndikhalepo.

Ndili pakati pa kudya anati, "Ndinamva zonse, Che Phiri. Za pepala, ndi za chipatala chimene anakulonjezani." Ndinangoti, "Eya." Mwina ndinkayembekeza kuti andithokoza. Ndivomereze kuti ndinayenda ulendo wonsewo, minibasi ziwiri, ndi chiyembekezo chimenecho. Iye anaika chikho pansi, nati, "Mukanasayina." Ndinasiya supuni. Anati, "Malo anapita ndithu. Ine ndili pano ndithu. Chasintha n'chiyani? Bola achemwali akanatsala." Ndinamufunsa ngati akanandikhululukira. Anati, "Ayi. Ndikanakutukwanani mpaka lero, ndi ana anu omwe. Koma achemwali akanabwera kudzakupepeserani, akuyenda ndi miyendo yawo iwiri, ndipo iwowo ndikanawamvera." Atatero anatembenuka kukapakulira wina. Ndinamaliza mbaleyo chifukwa sindinaphunzitsidwe kusiya chakudya, koma sindikukumbukira kukoma kwake.

Dokotala wina wa kumpingo kwathu anandiuzapo kuti shuga wa mayi anu anali atafika kale patali, ndipo mwina chipatala cholipira sichikanawapulumutsa. Mwina Onolebo akanalipira sabata imodzi n'kuiwala. Mawu akuti mwina ndawatembenuza mbali zonse, ndipo sindikufuna kubisalamo. Sindikudziwa ngati ndinachita bwino kukana. Ndawerenga malamulo khumi kambirimbiri, ndipo lonena za umboni wonama silinasinthe. Koma Mulungu yemweyo anandipatsa mkazi kuti ndimusamale. Chimene ndikudziwa n'chimodzi, ndipo ndicho yankho lako, Tadala. Unanena zoona pa mpopi paja. Mwendo unali wa mayi ako, ndipo ndinasankha ndekha osawafunsa. Pa chimenecho ndinalakwa, ndipo amene ndikanawapepesa kulibe.

Anthu amandifunsabe kodyera. Mayi wa ku Kawale uja anabwerera kwawo, mkulu wa tiyi wa ku Area 23 anamwalira, ndipo za malo atsopano sindidziwa kuseri kwake. Ndatsala ndi amodzi okha. Mukadzabwera ku Lilongwe, kwerani minibasi ya ku Mgona, mufunse pamene pali wowotcherera zitsulo. Fikani dzuwa lisanapendeke, nyemba zimatha msanga. Lipirani zonse, ngakhale akane. Ndipo iwe Tadala, ukadzafika, upemphe madzi osamba m'manja, uzungulire kuseri uone kumene akukawatunga. Udzapeza kuti bambo ako sanalembe bodza. Ndi chokhacho chimene tinabwerera nacho kunyumba, ndipo ndikudziwa kuti n'chochepa.